Kapu ya Basela ya a Maimuna

"Wakuba iwe. Ukutsegula mapaketi, ukutapamo tchipisi, ukumatanso ndi kandulo yakoyo. Ukuyesa tilibe maso?"

Wolankhula mawu amenewa anali MaGumede, mzimayi wa Chizulu wosoka makolala a malaya mu fakitale ina ya zovala ku Pinetown. Anawalankhula nthawi ya nkhomaliro, Lachiwiri lina mu Ogasiti 1998, pamaso pa azimayi anzake odzaza geti lonse. Anakweza paketiyo m'mwamba. Inali yofufuma ngati chule wokwiya. Anaiphulitsa ndi manja awiri, phu, n'kuipendeketsa kuti aliyense asuzumiremo. Tchipisi chinali pansi penipeni, kangachepe, ngati chotsala kwa mwana.

"Ndalipira paketi yathunthu, wandipatsa mphepo. Basela wakoyo ndi tchipisi chathu chomwe, umatibera m'mawa n'kutipatsa masana kuti tizikuthokoza."

Wonenedwayo anali a Maimuna. Anaima kuseri kwa tebulo lawo, pansi pa ambulera ya kampani, manja ali m'chiuno, mpango wobiriwira uli kumutu. Tsono amene amawadziwa a Maimuna akuuzani kuti si munthu wosowa poyankha. Lilime lawo limacheka ngati lumo. Koma tsiku limenelo zinkaoneka ngati MaGumede akunena zoona. Kandulo inalipodi patebulopo, aliyense akuiona. Tchipisi cha basela chinalipodi m'chitini. Kumbuyo wina anaponya liwu lija lonyozera alendo loti kwerekwere, osati mokweza, koma linafika.

Mayi ameneyu muyenera kumudziwa kaye, kuti mumvetse chimene chinawapweteka.

A Maimuna anabadwira ku Namwera, m'boma la Mangochi. Anafika ku Durban mu 1991 kutsata amuna awo, Che Kasim, telala amene ankatha kusoka jekete osayang'ana n'komwe singano. Anapeza kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Mmwenye wina ku Chatsworth. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Safina, anamusiya kumudzi kwa achemwali awo kuti aziphunzira. Chizulu anachiphunzira mu teksi ndi pamsika, mpaka anthu ambiri ankangoti ndi Msilamu wa konkuno, wa mabanja akale a ku Chatsworth. Iwo sankatsutsa. Chichewa ndi Chiyao ankazisiya pakhomo ngati nsapato za pa mzikiti, n'kudzazivalanso pobwera.

Pa geti la fakitale imene Che Kasim ankagwirako, a Maimuna anayamba ndi kugulitsa mtedza wokazinga. Ankauthira m'timapepala ta pulasitiki, n'kumata kukamwa kwake podutsitsa pa lawi la kandulo. Ndiyo ntchito ya kandulo ija, palibenso ina. Malonda atakula, kampani ina ya tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi, ija yokhala ndi kanyenyezi kofiira pa mapaketi ake, inawabwereka ambulera ndi bokosi losungiramo mabotolo pa ayezi. Lole yake inkabwera Lachisanu lililonse kudzatsitsa makatoni.

Koma chimene chinawatchukitsa si ambulera. Chinali kapu. Kapu yamalata yoyera, yosupuka m'mphepete, imene mayi awo ankagulitsira mpunga pamsika wa Namwera. Aliyense wogula paketi ndi botolo ankauzidwa kuti atambasule dzanja, ndipo a Maimuna ankatapa m'chitini theka la kapu, tchipisi chophwanyika chosakaniza ndi mtedza, n'kumuthirira. Chophwanyikacho ankachita kugula padera, m'thumba lalikulu, ku kampani komweko. Kwathu timati basela. Azimayi a Chizulu ankaseka n'kumati ngakhale agogo awo ankalandira zotere m'masitolo akale, koma masiku ano ndani angakupatse chinthu chaulere mu Pinetown? Che Kasim ankadandaula kuti phindu likuthera m'manja mwa anthu. A Maimuna ankati, "Amayi anga sanalole munthu achoke ndi zokhazo zimene walipira. Ine ndiyambe lero chifukwa ndili ku Joni?"

Kenako zinthu zinathina. Zovala zotchipa zochokera kunja zinadzaza masitolo, mafakitale a ku Pinetown anayamba kutseka mmodzimmodzi. Mu 1997 Che Kasim anapatsidwa kalata pamodzi ndi anzawo a mzere wonse wa majekete, n'kubwerera ku kachipinda kukasoka zigamba za anthu oyandikana nawo. Chaka chotsatira randi inagwa, buledi anakwera, mafuta ophikira anakwera. Otsala mu fakitale ankagwira masiku osakwanira. Ambiri nkhomaliro yawo inasanduka paketi imodzi ya tchipisi ndi botolo logawana awiri. Banja la a Maimuna, ndi Safina yemwe kumudzi, linatsamira pa tebulo lija basi. Ndipo tebulo la pa geti limaima ndi mwendo umodzi wokha, dzina la mwini wake. Akangokutcha wakuba, pinda ambulera.

Lachitatu a Maimuna anakhala tsiku lonse osagulitsa ngakhale botolo. Azimayi ankadutsa nkhope zili kumbali, kupita ku kasitolo ka pa kona. Ayezi anasungunuka m'bokosi. Pofika kunyumba dzuwa lisanalowe anapeza Che Kasim akupalasa makina.

"Make Safina, zisiyeni," anatero Che Kasim atamva nkhaniyo. "Kwa eni kulibe mkuwe. Tipeze geti lina, kaya ku Verulam. Mukalimbana nawo atiitanira apolisi, ayambe kufunsa mapepala."

"Ndichoke ngati wakuba?"

"Muchoke ngati munthu wanzeru."

"Che Kasim, inu munachotsedwa ntchito mwaulemu, munathokoza n'kuthokoza pa geti. Ulemuwo tikudya? Ine dzina langa silitsala m'ngalande ya ku Pinetown."

Che Kasim anangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa. Amawadziwa akazi awo.

Chimene chinkawazunguza a Maimuna n'choti iwo mapaketi a kampani sankawatsegula. Wogulitsa sadya katundu wake. Paketi inkaoneka chimodzimodzi, kanyenyezi komweko, kukula komweko, mtengo womwewo. Nanga tchipisi chinapita kuti? Maso awo anagwera pa katoni imene inali pansi pa bedi. Munali katundu wa Safina: nsapato za kusukulu, sopo, mabuku, ndi mapaketi anayi a tchipisi. Anazilongedza mu Malichi, koma munthu wa galimoto wonyamula katundu kupita ku Mangochi anali asanabwerebe. Anasolola paketi imodzi ya mu Malichi, anatenga ina ya sabata yomweyo, n'kuika kapu ija patebulo.

Ya mu Malichi inadzaza kapu mpaka kupanga kaphiri pamwamba. Yatsopanoyo inangopitirira theka pang'ono.

Che Kasim anasiya kupalasa. "Eish," anatero.

Lachinayi a Maimuna anaika kapu pakati pa tebulo n'kuitana MaGumede ndi dzina, mokweza, kuti asanamizire kusamva. Anathira yakale, anathira yatsopano. Azimayi anaunjikana. Koma MaGumede si mwana.

"Yatsopanoyo yagona kwanu," anatero. "Kandulo nayonso imagona kwanu. Ukutionetsa chiyani?"

A Maimuna anakwiya, koma mumtima anavomereza kuti mayiyu wanena zoona. "Mawa lole ikubwera," anayankha. "Udzaime pano. Udzasankhe wekha katoni."

Lole inafika Lachisanu belu la nkhomaliro litangolira. Kutsogolo kunatsika a Naicker, woyang'anira malonda a kampani m'dera limenelo, bambo wa tayi ndi cholembera kukhutu. Kumbuyo, pa makatoni, kunali wotsitsa katundu amene aliyense ankamutcha Sipho. A Maimuna ankadziwa kuti dzina lake ndi Sidik, kwawo ndi ku Ntaja, ndipo ankakumana naye pa Idi chaka ndi chaka. Pa geti ankapatsana moni m'Chizulu ngati sadziwana.

"Bwana Naicker," anatero a Maimuna, "ndikufuna katoni imodzi itsegulidwe pano, anthu akuona."

A Naicker anayang'ana khamu la azimayi, anayang'ana kapu. Nkhope inasintha. "Anti, sainani katundu wanu tizipita. Ndili ndi malo khumi ndi awiri lero."

"Akuti ndimaba tchipisi. Tsegulani katoni."

"Zimenezo ndi zanu ndi makasitomala anu. Sipho, usatsitse kanthu."

Apa ndi pamene a Maimuna anachita chinthu chimene anali asanachitepo zaka zisanu ndi ziwiri. Anatembenukira ku lole n'kulankhula Chichewa, poyera, mawu onse akumveka mpaka kwa alonda.

"Sidik, mwana wa kwathu, ukundiona ndikunyozeka pano. Mayi ako ku Ntaja akadzamva kuti unaima pa makatoni ngati chipilala, udzawauza chiyani? Tsitsa katoni."

Amene ankangoganizira tsopano anadziwa. Sidik anayang'ana a Naicker. Kenako anawerama n'kufunsa MaGumede m'Chizulu kuti, "Iti, mama?" MaGumede analoza ya pansi penipeni, ya pakona. Sidik anaisolola n'kuiika patebulo, tepi ya kampani ili chimatire.

MaGumede anadula tepiyo ndi kalumo kake ka ulusi, anasankha paketi, anaiphulitsa, anathira yekha m'kapu. Theka ndi pang'ono. Anatenga ina. Chimodzimodzi. Anatenga yachitatu, ya pakati pa katoni, ngati kuti mwina iyo ichita manyazi. Ayi ndithu.

"Zalembedwa pa paketipo," anatero a Naicker, mawu atatsika. Analoza pakona ya pansi, pamene panali timanambala tating'ono ngati mazira a nsabwe. "Kulemera kwake kunasintha mu Juni. Palibe lamulo limene taphwanya."

"Nanga paketiyo bwanji sinachepe?" anafunsa MaGumede.

A Naicker anavula magalasi n'kupukuta. Kunena zoona, bamboyu sanali chilombo, anali wotumidwa. Anafotokoza modekha. Mbatata yakwera, mafuta akwera, shuga wa m'zakumwa wakwera. Kampani yachotsa kale anthu a shifiti imodzi. "Tikakweza mtengo, inu nomwe simugula. Tikasiya mmene zinalili, titseka, Sipho uyu akhala pakhomo, ine ndikhala pakhomo. Akuluakulu anaona kuti bola kuchepetsa pang'ono. Kampani iliyonse ikuchita zomwezo. Inuyo mukanatani, anti?"

Funso limenelo akanalisunga.

"Ndikuuzeni chimene ndikanachita," anatero a Maimuna, atabwerera ku Chizulu kuti aliyense amve. "Kwathu kunagwa njala ndili mtsikana. Amayi anga ankagulitsa mpunga ndi kapu iyi. Mpunga utasowa, sanapinde pansi pa kapu ndi mwala ngati mmene ankachitira ena. Anagula kapu yaing'ono, anaiika pambali pa iyi, n'kumauza aliyense kuti, taonani, zinthu zavuta, muyeso ndi uwu tsopano, ikadzatha njala tidzabwerera ku uwu. Anthu ankadandaula, koma ankagula, chifukwa ankaona ndi maso. Ndipo basela sanasiye, ngakhale atakhala timbewu khumi tokha. Njala itatha, opinda makapu aja anasowa wowagula. Inu mavuto tikuwadziwa, amuna anga ali pakhomo chaka chachiwiri. Mukanapanga kapaketi kakang'ono kooneka kuti n'kakang'ono, n'kutsitsako mtengo, kuti mayi wa masiku atatu pa sabata akwanitse. Mukanalemba ndi zilembo zoti munthu awerenge ali chiimire. Koma inu mwapopera mphepo, mwakhala phee m'maofesi, manyazi mwasenzetsa ine wa pa geti. Wogula sadziwa akuluakulu anuwo. Amadziwa nkhope yanga."

"Anti, mukuipitsa dzina la kampani pagulu."

"Langa munaliipitsa Lachiwiri."

A Naicker anabweza magalasi kumaso. Anati bokosi ndi ambulera ndi katundu wa kampani, ndipo amabwereka kwa anthu ogwirizana ndi kampani. Anauza Sidik kuti azikweze. Sidik sanasunthe, ndiye a Naicker anakweza okha, tayi ikulendewera, madzi a ayezi akuwathira pa nsapato. A Maimuna anatulutsa mabotolo awo mmodzimmodzi n'kuwandandalika pansi, osapempha, osagwetsa msozi. Lole inanyamuka. Sidik anakhala kumbuyo, miyendo ili lende, akudziwa kuti ku depoti kukamuthera bwanji. Ndipo kunamutheradi: Lolemba lake anali pa mzere wa ofuna maganyu.

Azimayi anatsala ataima pa dzuwa. MaGumede anayang'ana kapu, anayang'ana a Maimuna.

"Ndiye ndiwe wa ku Malawi."

"Yebo. Wa ku Mangochi. Ukaitane apolisi ngati ukufuna."

"Ndiitane apolisi ndidye chiyani pa nkhomaliro?" MaGumede anatola botolo limodzi pansi, lofunda kale, n'kuika ndalama patebulo. Anatambasula dzanja. Ndiko kupepesa kwake kumeneko, kwina musayembekezere. A Maimuna anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, mpaka ena anayamba kuseka, kenako anatapa m'chitini n'kumuthirira.

"Koma pakamwa pako, sisi, pakufunika kandulo," anatero a Maimuna.

Anthu ena nkhani ikanathera pomwepo. Dzina layera, makasitomala abwerera, bwerera kunyumba ukathokoze Mulungu. Che Kasim ananena zomwezo. Koma a Maimuna ankati dzina lawo layera pa geti limodzi lokha. Nanga amayi ogulitsa pa siteshoni ya sitima, pa renki ya mateksi, pa mageti a sukulu, amene akutukwanidwa lero lomwe chifukwa cha mphepo yomweyo? Nanga Sidik? Nanga liwu lija la kwerekwere limene linaponyedwa kumbuyo, ndani analiitana?

Lolemba a Maimuna anabwera ndi bafa lamalata la kunyumba. Anaikamo ayezi wogula okha, mabotolo a kampani ina yaing'ono ya ku Verulam, n'kufunditsa chiguduli chonyowa pamwamba. Che Kasim, ngakhale ankang'ung'udza, anawasokera kansalu ka mthunzi kuchokera ku zidutswa za majekete, kokongola kuposa ambulera ija. Tchipisi anayamba kugula cha m'thumba lalikulu kwa ogulitsa ena, n'kumayeza ndi kapu wogula akuona, n'kumata ndi kandulo pamaso pake. Kapu yodzaza mtengo wake, theka mtengo wake. Sidik anamupatsa ntchito yokatenga ayezi ndi wilibala m'mawa, si ntchito yoti munthu n'kulemera nayo, koma sanagone ndi njala. Phindu linachepa, osanama. Katoni ya Safina inapita mu Okutobala mulibe tchipisi.

Ndipo Lachisanu lililonse fakitale ikaweruka masana, a Maimuna ankapinda kansalu kawo, n'kutenga kapu, paketi imodzi ya mu Malichi imene anasunga dala, ndi ina yatsopano yogula pa kona. Ankayenda wapansi kudutsa njanji mpaka pa geti la depoti ya kanyenyezi kofiira. Ulendo woyamba anapita ndi MaGumede ndi azimayi asanu ndi anayi. Wachiwiri anafika makumi awiri, ena ogulitsa pa renki atanyamula mapaketi awo. Tsiku la mvula anapita awiri okha. Mlonda wa pamenepo anayamba ndi kuwaopseza ndi galu, kenako anazolowera, mpaka ankawasungira kabenchi. Kampani inatumiza kalaliki kudzanena kuti alembe kalata. Inatumiza mtsikana wa mu ofesi ndi katoni yaulere, a Maimuna anaibweza osaitsegula. A Naicker ankatulukira geti la kumbuyo.

Muziwaona mayi ameneyu pamenepo, wamfupi, nsapato zafumbi, mpango wobiriwira, mlendo wopanda mapepala okwanira, ataima pamaso pa mpanda wa waya ndi mawindo akuda a m'mwamba. Ankaika kapu pa kabenchi, n'kuyang'ana ku mawindoko. Ankayamba m'Chizulu, n'kubwereza m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, n'kumalizira m'Chichewa, chifukwa anali atasiya kuchivula pakhomo.

"Sindikufuna katoni yanu. Sindikufuna ambulera. A Naicker musawatume, iwo ndi wonyamula uthenga. Ndikufuna munthu amene anakhala pa mpando n'kunena kuti chotsanimo tchipisi, ikanimo mphepo, asauka sazindikira. Ali ndi dzina, ali ndi nkhope ngati ine. Atsike. Adzathire yekha paketi yake m'kapu iyi, azimayi awa akuona, ndipo anene ndi pakamwa pake kuti wakuba pa geti paja anali ndani."